Madzi a asidi ndi zitsulo ochokera kokutira waya: laimu amathandiza mpaka pati?

Pa 18 February 2025, khoma la dziwe losungiramo zotsalira za mgodi wa kopa pafupi ndi Chambishi ku Zambia linagumuka. Madzi a asidi anasefukira mumtsinje wa Mwambashi n'kukalowa mu Kafue. Nsomba zinafa, mbewu za m'mbali mwa mtsinje zinapserera, madzi a m'mipopi ku Kitwe anatsekedwa kwa kanthawi, ndipo boma la dzikolo linatumiza ndege za asilikali kukamwaza laimu pamtsinjepo. Nkhaniyi inasiya funso limene silinayankhidwe bwino: kodi akathira laimu ndiye kuti madziwo achira?

Kuno ku Lilongwe kulibe mgodi wa kopa, koma madzi a mtundu womwewo amatuluka paliponse pamene anthu amatsuka chitsulo ndi asidi n'kuchikutira ndi chitsulo china. Chitsanzo chapafupi ndi waya. Waya waminga wa pampanda, waya wa khola la nkhuku, waya wotchingira munda kapena sukulu, yense amanyezimira chifukwa anakutidwa ndi zinki. Fakitale imene imagula waya wokutidwa kale n'kumangoluka kapena kudula situlutsa madzi amenewa. Imene imatsuka ndi kukutira yokha ndiyo imatulutsa, kaya ili ku Kanengo kaya kudziko lina kumene wayayo anachokera.

Madziwa amachokera pati?

Waya amayamba ngati chitsulo chonenepa chokulungidwa m'mipukutu. Chikamatuluka kong'anjo chimakhala ndi khungu lakuda lolimba, ndipo chikakhalitsa chimachitanso dzimbiri. Zinki sangamatirire pakhungu limenelo, choncho amayamba aviika chitsulocho mu asidi kuti adye khungulo. Ena amagwiritsa ntchito asidi wa hydrochloric, amene amagwira ntchito ngakhale ali wozizira. Ena amagwiritsa ntchito asidi wa sulphuric, yemwe uja wa m'batire la galimoto, amene amafuna kutenthetsedwa. Chikatuluka mu asidi amachitsukuluza ndi madzi, amachikoka kudutsa m'timabowo tocheperachepera mpaka chifike pa saizi yofunika, amachitsukanso, amachiviika m'mankhwala okhala ndi zinki ndi amoniya othandiza kuti zinki agwire, kenako wayayo amadutsa m'zinki wosungunuka wotentha pafupifupi madigiri 450. Njira ina ndi yogwiritsa ntchito magetsi m'madzi osungunuliramo zinki. Waya wa makina ena owotcherera, uja wooneka wofiirira, amakutidwa ndi kopa. Mafakitale ena amamaliza ndi kuviika wayayo m'mankhwala a kromiyamu kuti asachite mawanga oyera ali m'sitolo, ndipo ena akale amadutsitsa waya mumtovu wosungunuka pofuna kumufewetsa.

Pa zonsezi pamatuluka madzi a mitundu iwiri, ndipo n'kofunika kuisiyanitsa. Woyamba ndi asidi wotopa. Asidi akadya dzimbiri kwa nthawi amadzaza ndi ayironi, chitsulo chosungunuka chochokera kudzimbirilo ndi kuwayayo, amasanduka wobiriwira ndipo amaleka kugwira ntchito, ngakhale akadali waukali moti atha kuboola zovala. Mu lita imodzi mutha kukhala magalamu oposa 100 a ayironi. Asidi ameneyu sachuluka ndipo amatayidwa mwa apo ndi apo. Wachiwiri ndi madzi otsukuluzira, amene ndi opanda mphamvu kwenikweni koma amatuluka tsiku lonse makina akamayenda. Waya aliyense akamachoka m'thanki amanyamula timadontho ta mankhwala a m'thankiyo n'kukatisiya m'madzi otsatira. Ndi timadontho timeneti timene timabweretsa zinki, kopa, kromiyamu ndi mtovu.

Mavuto awiri m'madzi amodzi

Ukali wa asidi amauyeza ndi muyezo wotchedwa pH, umene umayambira pa 0 kulekezera pa 14. Madzi abwinobwino amakhala pafupi ndi 7. Kutsika pansi pa 7 ndiko kuchuluka kwa asidi: madzi a ndimu ali pafupi ndi 2, asidi wa m'batire ali pansi pa 1. Kukwera pamwamba pa 7 ndiye mbali ya chidulo chophikira therere, sopo ndi laimu. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nambala iliyonse imasiyana ndi inzake kakhumi. Madzi a pH 3 ali ndi asidi wochuluka kakhumi kuposa a pH 4, ndipo ka 10,000 kuposa a pH 7. N'chifukwa chake kusungunula ndi madzi wamba sikuthandiza monga mmene munthu angaganizire. Nsomba zambiri za m'mitsinje zimakhala bwino pakati pa 6.5 ndi 9.

Vuto lachiwiri ndi zitsulo. M'madzi a asidi chitsulo sichikhala ngati tizidutswa toti n'kusefa, chimasungunukiratu. Madziwo atha kuoneka oyera mbee koma ali ndi zinki kapena mtovu wochuluka. Kusiyana kwa mavuto awiriwa kwagona apa: asidi atha kuthetsedwa, chifukwa akakumana ndi laimu amasanduka madzi ndi mtundu wina wa mchere. Chitsulo sichitha. Palibe mankhwala, kutentha kapena tizilombo timene tingachititse zinki kusiya kukhala zinki. Chimene anthu angathe ndi kuchichotsa m'madzi n'kuchiika pamalo ena. Kuwiritsa madzi sikuchotsa zitsulo, ndipo kolorini amene timathira m'madzi akumwa amapha tizilombo toyambitsa kolera koma mtovu samaukhudza.

Zitsulozi sizoopsa mofanana. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization pa madzi akumwa amaika malire a mtovu pa mamiligalamu 0.01 pa lita, kromiyamu pa 0.05, kadimiyamu pa 0.003, kopa pa 2. Zinki ndi wofunika m'thupi la munthu, moti bungweli silinamuikire malire okhudza thanzi, koma akapitirira pafupifupi mamiligalamu 3 pa lita madzi amayamba kusakoma. Kwa nsomba nkhani ndi ina: zinki ndi kopa amawononga ziwalo zimene nsomba imapumira ngakhale ali ochepa kwambiri kuposa mlingo umene ungadwalitse munthu. Kadimiyamu amapezeka pamodzi ndi zinki m'miyala, ndipo kuopsa kwake kunadziwika ku Japan, kumene madzi a mumtsinje wa Jinzu ochokera kumgodi ankathiriridwa m'minda ya mpunga. Anthu a m'dera la Toyama, kumene mtsinjewu umadutsa, anadwala impso ndi mafupa, matenda otchedwa itai-itai, ndipo boma la dzikolo linavomereza gwero lake mu 1968. Poizoniyo anayenda kwa zaka zambiri kudzera m'nthaka ndi m'chakudya.

Asanasakanize, apatule

Ntchito yoyeretsa imayambira pamapaipi. Madzi ena sayenera kukumana asanakonzedwe paokha.

Kromiyamu amene amathira pomaliza nthawi zambiri amakhala wa mtundu umene akatswiri amaupatsa nambala 6. Ndi wachikasu, amayambitsa khansa, ndipo laimu sangamugwetse pansi kuti achoke m'madzi. Amayenera kusinthidwa kaye kuti akhale wa nambala 3. Amachita izi madzi akadali a asidi, pa pH ya pakati pa 2 ndi 3, pothiramo mankhwala otchedwa sodium metabisulphite, ndipo madzi amasintha kuchoka pa chikasu kupita pa kubiriwira. Ayironi wa mu asidi wotopa uja amathanso kugwira ntchito imeneyi, kotero fakitale yochenjera imagwiritsa ntchito chonyansa china kukonzera chinzake.

Mafakitale ena okutira ndi magetsi amagwiritsa ntchito poizoni wotchedwa cyanide. Ameneyu akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya umene umapha munthu m'mphindi zochepa. Amamuwononga payekha ndi kolorini, pH ili pamwamba pa 10, ndipo paipi yake siyenera kulumikizana ndi ya asidi olo pangozi. Mafuta ndi sopo wokokera waya nazonso amaziengula poyamba, chifukwa zimalepheretsa zitsulo kudikha.

Zikatero madzi onse amasonkhanitsidwa m'thanki yaikulu kuti asakanikirane. Asidi wotopa samukhuthulira m'menemo nthawi imodzi. Amamusunga padera n'kumamudontheza pang'onopang'ono, apo ayi pH imagwa mwadzidzidzi ndipo makina othira laimu amalephera kutsatira.

M'thanki ya laimu

Amene anaonapo mkaka ukusanduka chambiko amadziwa kuti chinthu chosungunuka chitha kuundana n'kupatukana ndi madzi ake ukali ukasintha. Mkaka umaundana asidi akachuluka. Zitsulo zimachita mosemphana, zimaundana asidi akachepa. Laimu wosungunulidwa ngati phala lamadzimadzi akamalowa m'thanki, pH imakwera, ndipo chitsulo chilichonse chikafika pamlingo wake chimatuluka m'madzi n'kukhala timibulu.

Munthu woima pambali pa thankiyo amaziona ndi maso. Madzi obiriwira pang'ono aja amayamba kuda, n'kukhala obiriwira kwambiri ngati ndere. Pansi pa thanki pamakhala mapaipi opopera mpweya, ndipo thovu likamakwera mtundu umasintha kukhala wofiirira ngati dothi la katondo. Kumeneko ndi kusintha kwa ayironi. Ayironi wochokera mu asidi amakhala wa mtundu umene suundana msanga, umafuna pH ya pafupi ndi 9. Akakumana ndi mpweya amasanduka mtundu wa dzimbiri, umene umaundana ngakhale pa pH 4. Fakitale ikanyalanyaza mpweya, madzi amatuluka ooneka oyera, koma akafika mumtsinje n'kukumana ndi mpweya amafiira komweko, n'kumata miyala ndi udzu wa m'madzi, komanso kulanda nsomba mpweya. Timibulu ta dzimbiriti tili ndi ubwino wina: tikamatsika timakokera pansi zitsulo zina zotsalira.

Chovuta n'chakuti zitsulo sizigwirizana pa nambala imodzi. Kromiyamu wa nambala 3 amaundana bwino pafupi ndi pH 8, kopa pafupi ndi 9, zinki pakati pa 9 ndi 10, nikelo pamwamba pa 10. Ndiye zinki, kromiyamu ndi mtovu zili ndi khalidwe limene limasokoneza anthu ambiri: pH ikakwera mopitirira zimasungunukanso. Wogwira ntchito amene akuganiza kuti kuthira laimu wambiri ndiko kusamala atha kukweza pH mpaka 12, n'kubwezera m'madzi zinki yemwe anali atagwa kale. N'chifukwa chake mafakitale ambiri amasunga thankiyi pakati pa 9 ndi 10, ndipo pamene zitsulo zili zamitundumitundu amagwetsa kawiri, pa pH ziwiri zosiyana.

M'malo mwa laimu ena amathira kositiki soda, yemwe uja wopangira sopo. Amasungunuka bwino, satseka mapaipi ndipo amasiya matope ochepa, koma ndi wodula, amachokera kunja, ndipo n'kosavuta kupyola naye mlingo. Laimu ndi wotchipa ndipo miyala yake imapezeka m'dziko muno, monga kumapiri a Chenkumbi ku Balaka. Kuipa kwake ndi matope ambiri, makamaka ngati asidi anali wa sulphuric, chifukwa ziwirizi zikakumana zimapanga gypsum, ufa woyera umene umamata pamakoma a thanki ndi m'mapaipi.

Gypsum ameneyu amamatanso pa kachipangizo koyezera pH kamene kamakhala konyikidwa m'thanki n'kumalamula pampu ya laimu. Kakakutidwa kamachedwa kuwerenga kapena kamapereka nambala yolakwika, ndipo pampu imathira mochuluka kapena moperewera pamene chikwangwani chikusonyeza kuti zonse zili bwino. Ine ndimaona kuti ubwino wa malo oyeretsera madzi umadalira kwambiri munthu amene amatsuka kachipangizo kameneka ndi kukayesa kawirikawiri, kuposa kukula kwa matanki. Kuzimazima kwa magetsi nakonso kumafuna kukonzekera: pampu ya laimu ndi makina otakasa zikaima koma madzi akupitirirabe kuyenda, amatuluka osakonzedwa. Pamafunika jenereta kapena thanki yosungiramo madzi mpaka magetsi atayaka.

Pali zitsulo zina zimene zimakana kugwa ngakhale pH ili pabwino. Amoniya wa m'mankhwala aja othandiza zinki kugwira amamangirira zinki ndi kopa n'kuzisunga zosungunuka. Zikatere amathira mankhwala a sulphide, amene amagwira zitsulo mwamphamvu kuposa laimu. Nawonso amafuna kusamala, chifukwa akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lowola, umene ndi wakupha.

Timibulu ta zitsulo ndi topepuka ndipo sitimira msanga. Amathiramo mankhwala omata otchedwa polima kuti tigwirane tikhale zibuluma, kenako madzi amalowa m'thanki yotakata kumene amayenda mwakachetechete. Zibulumazo zimatsika, madzi oyera amasefukira pamwamba. Amawadutsitsa mumchenga kuti agwire totsalira, amatsitsa pH ngati yakwera kuposa malire, amayeza, kenako amawatulutsa kapena kuwabwezera kokatsukuluzira. Ofuna madzi oyera kwambiri amawonjezera timikanda tapadera tokoka zitsulo, kapena sefa yopyapyala yoyendera mphamvu ya pampu. Dziwani kuti ngakhale zonsezi zitayenda bwino, madzi ochokera ku asidi wa hydrochloric amatsala ndi mchere wambiri, umene laimu sauchotsa ndipo umaononga nthaka yothirira.

Matope apita kuti?

Zitsulo zonse zimene zachoka m'madzi tsopano zili m'matope a pansi pa thanki. Amawapopera m'makina ofinya okhala ndi nsalu zolimba, ndipo amatuluka ngati zikate zofiirira zimene pafupifupi magawo awiri mwa atatu akadali madzi. Matope amenewa akaunjikidwa panja, mvula imawakokolola. Akatayidwa kumtaya pamodzi ndi zinyalala za m'nyumba, zowola zimatulutsa asidi wake, ndipo zitsulo zija zimasungunukanso n'kutsikira m'nthaka kumene kuli zitsime. Ndalama zonse zogulira laimu zimakhala zangosuntha vuto kuchoka mupaipi kupita kudzala.

Apa ndi pamene pali yankho la funso la ku Kafue lija. Laimu womwazidwa pamtsinje amachepetsadi asidi ndipo amagwetsa zitsulo, zimene zimapulumutsa zamoyo zina. Koma mumtsinje mulibe thanki yodikhitsira kapena makina ofinya. Zitsulozo zimakhazikika m'matope a pansi, kumene madzi osefukira amazivundula n'kuzisiya m'madimba.

Kosungira koyenera ndi dzenje loyalidwa pulasitiki yolimba ndi dongo, lofoleredwa, loyang'aniridwa. Ena amasakaniza matopewo ndi simenti kuti zitsulo zimangike. Matope okhala ndi zinki wambiri atha kugulitsidwa kwa oyenga zitsulo, koma izi zimatheka ngati fakitale sinawasakanize ndi matope a ayironi.

Kuchepetsa kuchokera kugwero

Njira yotchipa kwambiri ndi kusatulutsa madzi ambiri poyamba pomwe. Kupukuta waya ndi mpweya kapena labala pamene akuchoka m'thanki kumabwezera timadontho tija mmene tachokera. Kutsukuluza m'matanki awiri kapena atatu otsatizana, madzi oyera akulowera kothera n'kumayenda mosemphana ndi waya, kumachepetsa kwambiri madzi ofunika. Khungu lakuda lija litha kuchotsedwanso popinda chitsulo ndi kuchikwecha ndi makina, n'kuchepetsa asidi. Asidi wotopa wa sulphuric akaziziritsidwa amatulutsa mchere wobiriwira wa ayironi umene umagulitsidwa, ndipo wa hydrochloric mafakitale aakulu amamuwotcha m'ng'anjo yapadera n'kupezanso asidi watsopano. Makina oterewa ndi odula ndipo amapindulitsa pokhapokha fakitale ili yaikulu. Eni mafakitale ang'onoang'ono akamadandaula za mtengo wa mankhwala ndi kusowa kwa ndalama zakunja sakunama. Okhala kumunsi kwa mtsinje akamadandaula za madzi nawonso sakunama.

Kuno ku Lilongwe

Madzi a m'mipopi ya Lilongwe Water Board amadalira mtsinje wa Lilongwe ndi madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumtunda kwa mzinda. Amene amayamba kukhudzidwa ndi zotuluka m'mafakitale a mumzinda ndi ena: olima ndiwo zamasamba m'madimba a m'mbali mwa Lingadzi ndi Lilongwe, ochapa ndi osamba m'mitsinje, omwa m'zitsime zosazama, ndi ogula masambawo kumsika. Lingadzi amathira mu Lilongwe, Lilongwe mu Linthipe, Linthipe m'nyanja ku Salima. M'chilimwe, mitsinje ikaphwera, madzi osungunula zoipa amachepa pa nthawi yomweyo imene ulimi wa m'dimba umafuna kuthirira kwambiri.

Ena amaganiza kuti kulumikiza fakitale ku mapaipi a suweji ndiye kuti nkhani yatha. Maiwe oyeretsera zonyansa monga a ku Kauma amadalira tizilombo ndi ndere kudya zowola za m'zimbudzi. Asidi amadya mapaipi a simenti panjira, zitsulo zimapha tizilomboto, ndipo zotsala zimakhazikika m'matope a m'maiwewo. Choncho madzi a m'fakitale amayenera kukonzedwa asanachoke pampanda wake, kaya akupita kumtsinje kaya ku suweji.

Malamulo alipo. Lamulo loona za chilengedwe la 2017 linakhazikitsa Malawi Environment Protection Authority, ndipo limatsatira mfundo yakuti woipitsa ndiye alipire. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority, ndipo limafuna kuti wotayira madzi oipa mumtsinje akhale ndi chilolezo. Malawi Bureau of Standards ndiyo imalemba miyezo ya zimene madzi otuluka m'fakitale ayenera kukwaniritsa.

Amene akukayikira madzi a mumfuleni kapena mumtsinje wapafupi angathandize polemba tsiku, nthawi, malo ndi mtundu wa madziwo, kujambula chithunzi, n'kukadziwitsa khonsolo ya mzinda kapena mabungwe amenewa. Nthawi ndi yofunika chifukwa asidi wotopa amatayidwa mwa apo ndi apo, ndipo woyeza akabwera mawa lake atha kupeza madzi abwinobwino. Kapepala koyezera pH kamasonyeza asidi yekha. Zitsulo zimafuna labotale, botolo lokonzedwa mwapadera kuti zisamatirire m'mbali mwake, komanso kutapa matope a pansi pa mtsinje pamwamba ndi pamunsi pa paipi yokayikitsayo kuti zotsatira ziyerekezedwe.